Masitazi ya kompyuta: munthu apite kapena tizingolemba ma system basi?

Wa ku Area 25: Moni nonse pagulu pano, pepani ndikulemba usiku chonchi koma nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ndinamaliza digiri ya computer science zaka zitatu zapitazo, pano ndili pa kampani ina ku City Centre, timalemba ma system a mabungwe, ma dashboard, tima app ta pafoni, zoterozo. Ndalama yake si yonyozeka ayi, ya lendi ndi ya ndiwo imapezeka. Koma chaka chilichonse ndi zomwezomwezo, fomu, database, lipoti, fomu, database, lipoti. Nde ndikuganiza zopanga masitazi, mwina machine learning, kuphunzitsa kompyuta ndi data, kapena distributed systems, makompyuta ambiri ogwirira ntchito limodzi. Inu amene munadutsamo, chimasintha ndi chani kwenikweni? Kapena ndi pepala chabe lokongoletsa CV? Ndipo munthu apite kuti, konkuno kapena kunja? Musandiseke chonde

Wa pa Kawale: kkkk achemwali mukufuna kusiya ndalama kukathamangira pepala? Ine ndilibe masitazi koma ndimalandira madola ndili khale pampando kunyumba kuno. Palibe mzungu anandifunsapo satifiketi, amangoti tione code yako pa GitHub basi

Admin: Wayambapo uyu. Munthu akangofunsa za sukulu iwe umabwera ndi madola akowo

Wa pa Kawale: Nanga ndiname? zonse zili pa YouTube ulele

Madala a ku 47: Chemwali wa ku 25, funso lanu ndi labwino ndipo mnyamata wa pa Kawaleyu mbali ina sakunama. Ngati chomwe mukufuna ndi kudziwa framework yatsopano, React kaya chani, musataye zaka ziwiri, zimenezo mwezi umodzi ndi bandulo yabwino zatheka. Masitazi siphunzitsa zimenezo. Ine ndinapita nditalemba code zaka 8, kuofesi anyamata ankandiitana kuti bwana wa database, ndinkayenda chodzimva. Sabata yoyamba kalasi ya algorithms lekichara sanayatse nkomwe kompyuta, choko ndi bolodi basi. Anatipatsa mafunso asanu, onse oyamba ndi mawu oti tsimikizani kuti. Ine ndinalemba pulogalamu, ndinaiyesa ndi manambala ambirimbiri, ikuyenda bwinobwino, ndinapereka ndikumwetulira. Pepala linabwerera ndi ziro wamkulu ngati dzira la nthiwatiwa, pansi atalemba kuti kuyesa maulendo 1000 sikusonyeza kuti ulendo wa 1001 ziyendanso. Tsiku limenelo nsima sinatsike

Wa pa Kawale: Koma madala client amalipira proof kapena amalipira system yoyenda?

Madala a ku 47: Amalipira system yoyenda, mpaka tsiku lomwe yasiya kuyenda ndipo palibe akudziwa chifukwa chake. Tenga chinthu chomwe tonse tinachionapo. Ukutumiza ndalama pafoni kwa mayi kumudzi, wadina, foni yangoti zii uthenga osabwera. Wadinanso. Kenako ukuona yachoka kawiri. Anthu amati netiweki, nkusiya pomwepo. Koma taganiza, seva yoyamba yatumiza uthenga kwa inzake, yankho silinabwere. Pali zinthu ziwiri, mwina uthengawo sunafike, mwina unafika koma yankho ndi lomwe lasochera panjira, ndipo seva yoyambayo ilibe njira yodziwira kuti chachitika ndi chiti. Ikatumizanso mwina ilipira kawiri, ikapanda kutumiza mwina mayi sadya. Mankhwala ake ndi kupatsa transaction iliyonse nambala yakeyake kuti ikabwera kachiwiri seva izindikire kuti iyi ndaiona kale, amati idempotency. Imeneyo ndi yophweka. Zovuta zimayamba pamene ma seva ali asanu, ina ili ku Lilongwe ina ku Blantyre, fiber yaduka pakati, ndipo onse akuyenera kugwirizana kuti mu akaunti mwatsala zingati. Leslie Lamport anapanga Paxos, njira yoti ma seva azigwirizana, pa nkhani yomweyi, anthu ankadandaula kuti ndi yovuta kuimvetsa mpaka ena ku Stanford anatulutsa Raft mu 2014 cholinga chake chikhale chomveka. Eric Brewer mu 2000 ananena zomwe pano timati CAP, kuti netiweki ikagawikana uyenera kusankha, kaya uyankha aliyense koma mwina yankho lakale, kaya ukana kuyankha kuti usaname. Zimenezi munthu ukaziphunzira mwadongosolo, ndi ma proof ake, umasiya kulemba code mopemphera

Wa ku Area 25: Kulemba code mopemphera kkkkk madala mwandilasa, ndi zomwe ndimachita Lachisanu lililonse tikamapanga deploy, kutulutsa code yatsopano kuti anthu ayambe kugwiritsa ntchito

Wa ku Biwi: Ine langa ndi chenjezo chabe. Ndinayamba masitazi pa sukulu ina, sindiitchula, ma kosi ndinamaliza bwinobwino chaka chimodzi, koma thesis inandidyera zaka zitatu. Supavaiza ndimatumiza chaputala mu Malichi amayankha mu Julayi, yankho lake mizere iwiri, ndipo ntchito yake yeniyeni inali ya zina osati zomwe ine ndimafufuza. Fizi ndinkalipirabe chaka ndi chaka. Nde achemwali musanalembe fomu iliyonse, fufuzani munthu amene adzakuyang'anireni, onani pa Google Scholar kuti walemba chani zaka zitatu zapitazi, ndipo funsani ophunzira ake akale kuti anamaliza liti. Dzina la yunivesite silidzawerenga chaputala chanu

Aunt a ku Area 18: Wa ku Biwi wanena zoona zokhazokha. Mng'ono wanga wa ku 25, ine ndiyankhe mbali ya machine learning poti ndi komwe ndili. Choyamba usanamizidwe, mkati mwake ndi masamu, linear algebra, probability ndi calculus. Neural network ndi ma matrix ochulukitsana ndi ma derivative owongolera zolakwa pang'onopang'ono, ngati eigenvector unangoiloweza kuti ukhoze mayeso chaka chachiwiri ibwereze pano usanapite. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chomwe chinandikokera ine, pali mafunso omwe palibe wa ku California adzatiyankhire. Tenga liwu ili, sindidzakuuzaninso. Liwu limodzi. Muli si wokana, ndi ndine, dza ndi mtsogolo, ku ndi ni ndi inuyo, uza ndiye tsinde, nso ndi kubwereza. Mzungu afuna mawu asanu ndi limodzi kuti anene chomwecho. Tsono ma model akuluakulu a AI owerenga ndi kulemba chilankhulowa asanawerenge amayamba adula mawu mu tizidutswa, ma token, ndipo kadulidwe kake anaphunzira kwambiri pa Chingelezi, nde liwu lathu limadulidwa malo olakwika ngati nkhuku yodulidwa ndi munthu woti sadziwa pali mfundo. Onjezera kuti sitilemba kamvekedwe ka mawu, mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga timalemba mofanana, onjezeranso kuti pagulu pompano wina alemba kwambiri wina kwambili, wina ndiye wina nde, wina chiyani wina chani. Google Translate inaika Chichewa mu 2014 koma taiyesa ndi mwambi kapena ndi momwe timalembera pa WhatsApp uone. Imeneyi ndi thesis, osati imodzi, khumi

Wa pa Kawale: Aunt koma zimenezi si ungotenga model yopangidwa kale ya pa Hugging Face nkupanga fine tune, kuiphunzitsa Chichewa pang'ono? tsiku limodzi zatha

Aunt a ku Area 18: Upanga fine tune ndi data iti mwana wanga? Chichewa cholembedwa choyera bwino chomwe chili pa intaneti chambiri ndi cha tchalitchi ndi cha nyuzipepala. Model ukaiphunzitsa ndi zimenezo imalankhula ngati abusa pa maliro, nde mlimi wa ku Mitundu afunse za mbozi mu chimanga imuyankhe bwanji? Ndipo ukamaliza udziwa bwanji kuti yakhoza? Ine ndinasangalalapo sabata yathunthu ndi zotsatira zokongola, kenako ndinapeza kuti ziganizo zina zomwe ndimayesera model zinalinso mu data yophunzitsira, inkangobwereza zomwe inaloweza ngati mwana woti waona mayeso usiku. Amene anagwira cholakwacho ndi mnzanga wa mu lab pa seminar, pamaso pa anthu, manyazi ake ndimawamvabe. Koma ndi chimene umalipirira ku sukulu, anthu okhala pansi nkukutsutsa. YouTube sikutsutsa

Admin: YouTube sikutsutsa. Ndaisunga imeneyo

Wa ku Area 25: Aunt nkhani ya Chichewayi yandigwira mtima zedi. Kuntchito tinapangapo ka chatbot ka SMS, anthu amalemba momwe akufunira ife tinangoika ma keyword, wina akalemba ndikufuna m'malo mwa ndifuna basi kasokonezeka. Koma ndalama aunt, ndalama. Kwathu ndine woyamba kubadwa, ang'ono anga awiri fizi ndi ine

Wa ku Gulliver: Pa ndalama ndiyankhe ine poti ndinakhala chaka chathunthu ndikulemba ma application. Pafupi pompa ku Kigali kuli Carnegie Mellon University Africa, inayamba mu 2011, digiri yake ndi ya Carnegie Mellon yomweyo ya ku Pittsburgh, ali ndi masitazi ya IT, ya electrical and computer engineering ndi ya AI, ndipo ambiri amapita pa sikolashipu, Mastercard Foundation imathandiza kumeneko. Kuli AIMS, African Institute for Mathematical Sciences, yomwe Neil Turok anayambitsa ku Cape Town mu 2003, ya masamu, amene watengedwa salipira, ndipo mu 2018 anatsegula pulogalamu ya machine intelligence ku Kigali mothandizidwa ndi Google ndi Facebook. Ku UK kuli sikolashipu ya Chevening, masitazi ya chaka chimodzi, amafuna ukhale utagwira ntchito zaka ziwiri, inu muli nazo kale, ndipo ukamaliza uyenera kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri. Kuli Commonwealth, kuli Beit Trust yomwe ndi ya Malawi, Zambia ndi Zimbabwe basi nde mpikisano wake si wa dziko lonse lapansi, kuli DAAD ya ku Germany, Fulbright ya ku America, Erasmus Mundus. Chomwe ndinaphunzira ine nchoti kalata yoti ndimakonda technology kuyambira ndili mwana amaitaya, aliyense amalemba zomwezo. Lembani za ka chatbot kanuko, chinakanika ndi chani, mukufuna kuphunzira chani kuti chitheke. Ndipo yambani msanga nkhani ya transcript ndi makalata a ma referee, zimenezi ndi zomwe zimachedwetsa anthu deadline nkudutsa

Wa ku Biwi: Transcript eeeh musandikumbutse

Madala a ku 47: Palinso njira ya osasiya ntchito. Georgia Tech ili ndi masitazi ya computer science ya pa intaneti kuyambira 2014, ma kosi 10, yonse pamodzi inkazungulira madola 7,000, ukulipira pang'onopang'ono semesita iliyonse. Kwa mzungu ndi yotchipa kwabasi. Kwa ife vuto mukulidziwa, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munthu unapanga bajeti yako bwinobwino mmawa umadzuka fizi yakwera wekha osalakwa kanthu, ndiye pakhalenso kupeza forex yakeyo. Ndipo musaganize kuti poti ndi ya pa intaneti ndi yofewa, kosi imodzi imadya madzulo onse ndi weekend, ukwati wa msuweni sudzapitako

Wa pa Kawale: Apa nde madola anga aja ayamba kumveka bwino eti kkkk

Admin: Iwe lipirira achemwaliwa basi tione

Aphunzitsi a ku Likuni: Ine ndikudabwa kuti aliyense akuloza kunja. Konkuno kulibe? Ku Zomba ku UNIMA kuli masitazi ya informatics, ndipo anthu a kumeneko agwira ntchito nthawi yaitali pa DHIS2, system ya ziwerengero za zaumoyo yomwe inachokera ku University of Oslo ndipo unduna wa zaumoyo umagwiritsa ntchito. Ku MUBAS, Poly yakale ija isanapatuke mu 2021, kuli Kuyesera AI Lab. MUST ku Thyolo inagwirizana ndi UNICEF ndi Virginia Tech kutsegula African Drone and Data Academy mu 2020 konkuno ku Lilongwe. Ma touchscreen a Baobab Health anayambira pa Kamuzu Central pompa kalekale anthu asanayambe kuyimba nyimbo ya digital health. Mafunso ali kuno, data ili kuno, odwala ndi alimi ali kuno. Tikapita tonse ku Kigali ndi ku Edinburgh adzaphunzitsa ana athu ndani? Ndipo ambiri opitawo sabwerera tisanamizane

Aunt a ku Area 18: Aphunzitsi mfundo yanu ndaimva koma tisamuikire mwanayu katundu wa dziko lonse pamutu. Zimatengera funso lake. Ngati akufuna health informatics, konkuno ali pabwino kuposa wa ku London, chipatala chili pakhomo. Koma ngati akufuna theory yeniyeni, complexity, cryptography, compilers, ayenera kupita komwe kuli anthu angapo ochita zomwezo, chifukwa seminar ya munthu mmodzi kulibe. Ndipo masiku ano kupita sikutanthauza kusowa. Masakhane ndi gulu la anthu a mu Africa muno ochita za zilankhulo zathu pa kompyuta, amakumana pa intaneti, aliyense atha kulowa ngakhale alibe masitazi. Deep Learning Indaba, msonkhano wa anthu a AI a mu Africa, inayamba mu 2017 ku Johannesburg ndipo ili ndi timisonkhano ta IndabaX m'maiko, kuno kwathu inachitikaponso. Pa Zindi, tsamba la mipikisano ya data science, panali mpikisano wosanja nkhani za m'nyuzipepala za Chichewa m'magulu, ukhoza kuyamba ndi zoterozo uone ngati mtima ulipodi. GPU yoyambira, chipangizo champhamvu chophunzitsira model, masamba a Kaggle ndi Colab amapereka yaulele, ingokumbukira kusunga checkpoint, pomwe training yafika, pafupipafupi, ine magetsi anandithimirapo training ili pa ola lachisanu ndi chimodzi, rauta zii, zonse kuyambiranso, ndinakhala mumdima ndikungoyang'ana laputopu ngati yandilakwira

Wa ku Gulliver: Komanso amene mukufuna ya pa intaneti kapena ya kunja yosadziwika bwino, funsani kaye ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ngati pepalalo adzalivomereze, makamaka ngati mukuganiza zodzaphunzitsa kapena kulowa m'boma

Wa ku Area 25: Zikomo nonse ndikulemba mu kope. China chomwe sindinanene, mayi anga nditawauza anangoti nanga ukwati, sukuluyi sidzatha? kkkk ndinasowa choyankha

Aunt a ku Area 18: Anga ananenanso chomwecho, pa graduation ndi amene analulutira kuposa aliyense mpaka chitenje kugwa. Asiye, adzazolowera

Madala a ku 47: Chemwali, musanalembe application ngakhale imodzi ndikupatseni kamayeso kakang'ono, kosafuna kompyuta, muone ngati mtundu wa kaganizidwe aka umakusangalatsani kapena umakunyansani, chifukwa zaka ziwiri zidzakhala zimenezi. Pagulu lililonse la anthu, kuyambira awiri kupita mtsogolo, ena amadziwana ena sadziwana, ndipo ngati ine ndikukudziwani ndiye kuti inunso mukundidziwa. Tsimikizani kuti nthawi zonse pamakhala anthu awiri omwe chiwerengero cha anthu owadziwa pagulupo ndi chofanana

Wa pa Kawale: Dikirani ndilembe ka Python

Wa pa Kawale: Ndayesa magulu onse mpaka anthu 6, zikutheka ndithu. Ndapambana?

Madala a ku 47: Nanga 7? Nanga gulu lino lomwe lili ndi anthu mazanamazana? Iwe ndi ine wa sabata yoyamba uja ndendende. Ndipo taona mmene zikukulira, anthu 6 pali njira 32,768 zodziwirana, anthu 10 zadutsa kale 35 thililiyoni, laputopu yako ipsa. Ndi matenda omwewo a galimoto yogawa mankhwala m'zipatala 20 nkubwerera, ukafuna kuyesa njira zonse kuti upeze yaifupi zilipo zoposa 60,000,000,000,000,000. Ngati pali njira yachangu yothetsera mafunso a mtundu umenewu palibe akudziwa, ndi nkhani ya P ndi NP ija, Clay Mathematics Institute inaika madola 1 miliyoni mu 2000 ndipo mpaka lero palibe watenga. Madola enieni ndi amenewo mnyamata wanga, osati akowo

Wa pa Kawale: Madala mwandichititsa manyazi pagulu kkkkk chabwino ndikuganiza

Aphunzitsi a ku Likuni: Ine ndaliona yankho koma ndikhala chete, ndi la achemwali

Admin: Anthu inu nthawi ndi 11 koloko mawa ndi ntchito

Wa ku Area 25: Madala ndayesa, musandiseke ngati ndaphonya. Tinene kuti anthu alipo n. Munthu aliyense angadziwe anthu 0, kapena 1, kapena 2, mpaka n-1 poti sadziwerengera yekha. Manambala amenewa alipo n, anthunso alipo n, nde poyamba ndinaona ngati aliyense atha kutenga nambala yakeyake ndipo ndinakakamira pamenepo mpaka tiyi kuzizira. Koma kenako ndaona kuti 0 ndi n-1 sizingakhalepo zonse pamodzi, chifukwa ngati pali munthu wodziwa aliyense ndiye kuti palibe munthu wosadziwa aliyense, uja wodziwa onseyo amamudziwa basi. Nde manambala otheka atsala n-1 okha pomwe anthu ndi n, mipando yachepa ndi umodzi, awiri ayenera kukhalira mpando umodzi ngati mu minibasi ya ku 25 madzulo. Ndi choncho?

Madala a ku 47: Ndi choncho. Amati pigeonhole principle koma ya minibasiyo ndaikonda kuposa. Ndiuzeni chinthu chimodzi, pamene munaona kuti 0 ndi n-1 sizikhalira limodzi munamva bwanji?

Wa ku Area 25: Ndinakuwa ndekha mnyumba mpaka mng'ono wanga kudzuka kufunsa ngati kwalowa wakuba

Aunt a ku Area 18: Kkkkk basi wagwidwa uyu. Loweruka bwera kunyumba 2 koloko ndi kope lakolo, tiyambe linear algebra kuchokera pa ma vector, ndipo ubweretse ma message a ka chatbot kaja ngati abwana ako alola, koma uchotse manambala a foni ndi maina a anthu kaye, Data Protection Act ya 2024 ija si yoseweretsa

Wa ku Biwi: Aunt nanenso ndibwere? thesis ndinamaliza koma ma eigenvalue sindinawamvetsepo chibadwire

Wa pa Kawale: Ine sindikufuna masitazi ndanena kale. Koma ngati pali malo ndibwera kudzangoonerera, ndibweretsa extension ndi ma Fanta

Aunt a ku Area 18: Mipando ilipo inayi yokha, wochedwa akhala pa mkeka. Wa pa Kawale ubwere ndi cholembera, laputopu usiye kwanu